Wophunzira Woima pa Mphambano

Nkhani yokambidwa kwa aphunzitsi a sukulu za mishoni pamene anasonkhana ku Kabwe



Pa 7 February, 2013, basi yochokera ku Ndola kunka ku Lusaka inaombana ndi lole pafupi ndi Chibombo, kumwera kwa mzinda uno wa Kabwe, ndipo anthu oposa 50 anamwalira pa ngozi imeneyo. Basiyo inali itadutsa m'Kabwe muno, pa mseu womwewu umene ana a sukulu amaoloka tsiku ndi tsiku. M'masiwa ambiri munamveka mau amene amamveka nthawi zonse pa maliro otere, akuti tsoka silinunkha. Mau amenewa ngotonthoza, ndipo pa siwa palibe munthu waulemu amene angawatsutse. Koma maliro akatha, alipo anthu ena amene ntchito yao ndiyo kufunsa ngati nzoonadi kuti tsoka la pamseu silinunkha. Anthu amenewo ndiwo akatswiri ofufuza za chitetezo cha pamseu. Nkhani ino ikamba za ntchito yao, za njira imene wophunzira amatsata kuti akhale mmodzi wa iwo, ndi za gawo limene mphunzitsi ali nalo pa chiyambi cha njirayo.

Mzinda wa panjira

Kabwe ndi mzinda umene unakula chifukwa cha mgodi ndi njira. Miyala ya mtovu ndi zinki inapezeka pano m'chaka cha 1902, njanji inafika m'chaka cha 1906, ndipo mzindawu unatchedwa Broken Hill kufikira ufulu utabwera. Mgodi unatsekedwa m'chaka cha 1994, koma njira zinatsala. Likulu la Zambia Railways lili pompano, ndipo mseu waukulu wa Great North Road umachokera ku Lusaka, mtunda wa makilomita pafupifupi 140, nudutsa mumzinda kunka ku Kapiri Mposhi, kumene umagawika pawiri, wina kulinga ku Ndola ndi ku malire a Congo, wina kulinga ku Nakonde ndi ku Tanzania.

Munthu woima m'mbali mwa mseu umenewu kwa ora limodzi adzaona malole onyamula mkuwa ndi mafuta, mabasi a ulendo wautali, njinga zosenza matumba a makala, amai ogulitsa matimati, ndiponso ana ovala yunifolomu. Mseu umodzi womwewo ndiwo njira ya malonda a maiko atatu, ndiwonso malo amene mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri ayenera kuoloka kawiri pa tsiku. Bungwe la World Health Organization linalengeza m'chaka cha 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa miseu ya dziko lapansi chaka chilichonse, ndi kuti ngozi za pamseu ndizo zimapha kwambiri ana ndi achinyamata a zaka 5 mpaka 29 kuposa nthenda iliyonse. M'Zambia muno, m'zaka za 2021 mpaka 2023, omwalira pamseu olembedwa m'mabuku a boma anali pafupifupi 2,000 pa chaka, ndipo gulu lalikulu mwa iwo linali la oyenda pansi.

Anthu a ku Kabwe adziwa kale phindu la kuyesa chinthu chosaoneka ndi maso. Mtovu wa mumgodi unakhala m'dothi la m'makomboni zaka zambiri, ana akusewera pomwepo, ndipo kukula kwa vutolo kunadziwika pokhapokha ofufuza atayesa dothi ndi magazi a ana. Choopsa cha pamseu chili chimodzimodzi. Chimakhalapo tsiku lililonse, ngakhale pa tsiku limene palibe wavulala, ndipo chikhoza kuyesedwa.

Wophunzira wa ku Lund

Kumwera kwa dziko la Sweden kuli mzinda wotchedwa Lund, umene uli ndi yunivesite yakale. M'zaka za m'ma 1970 kunali wofufuza wachinyamata, dzina lake Christer Hydén, amene anavutika mtima ndi funso limodzi. Masiku amenewo, kuti mainjiniya anene kuti mphambano yakutiyakuti njoopsa, ankadikira mabuku a apolisi. Pa mphambano imodzi ngozi zovulaza anthu zikhoza kukhala ziwiri kapena zitatu zokha pa chaka, chotero pamafunika zaka zingapo kuti chiwerengero chikwane kunenerapo kanthu. Kunena mosabisa, ankadikira kuti anthu ayambe avulala ndi kufa, kuti pambuyo pake akonze mseu.

Hydén ndi anzake anaona kuti pa ngozi imodzi yeniyeni pamakhala kuphonyana kwambirimbiri, pamene woyendetsa waponda mabuleki mwadzidzidzi, kapena woyenda pansi walumphira m'mbuyo, napulumukira m'kamwa mwa mbuzi. Zimenezi sizilembedwa m'buku lililonse, pakuti palibe magazi amene akhetsedwa. Maganizo owerenga kuphonyana kotere anali atayamba kale ku America m'zaka za m'ma 1960, koma ntchito ya ku Lund inali yopeza muyeso woti anthu awiri oonerera chinthu chimodzi athe kugwirizana pa chimene aona. Muyesowo unali nthawi. Pa mphindi imene mmodzi mwa awiriwo wayamba kuzemba, woonerera amayerekeza mtunda umene watsala ndi liwiro la galimoto, napeza nthawi imene inatsala kuti aombane akadapanda kuzemba. Poyamba anaika malire pa sekondi imodzi ndi theka: kuphonyana kumene nthawi yake inachepera pamenepo kunawerengedwa kuti nkoopsa. Pambuyo pake anakonzanso muyesowo kuti uziganiziranso liwiro, pakuti sekondi imodzi ya galimoto yothamanga siifanana ndi sekondi imodzi ya galimoto yoyenda pang'onopang'ono.

Chithunzi chimene Hydén anajambula pofotokoza zimenezi chifanana ndi chulu. Patsinde, pamene mpotakata, pali magalimoto ndi anthu ambirimbiri amene amadutsana bwinobwino. Chapakati pali kuphonyana kwapang'ono. Chakumtunda pali kuphonyana koopsa, ndipo pansonga penipeni, pamene mpochepetsetsa, pali ngozi zovulaza ndi zakupha. Munthu woyang'ana nsonga yokha adzati ngozi imangogwa popanda chizindikiro. Koma woyang'ana chulu chonse aona kuti nsongayo yakhala pa zimene zili pansi pake.

Ntchito imeneyi siinathe chaka chimodzi. Kunafunika kuphunzitsa oonerera, kuwaimika pa mphambano masiku angapo, kuyerekeza zimene alemba ndi zithunzi za kanema, ndi kulinganiza chiwerengero cha kuphonyana ndi cha ngozi zenizeni za malo omwewo. Hydén anapereka buku la kafukufuku wake nalandira digiri ya udokotala wa maphunziro m'chaka cha 1987, ndipo pambuyo pake anakhala pulofesa pa yunivesite yomweyo. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Phindu la kudekha kwake ndi lakuti injiniya akhoza kuonerera mphambano kwa masiku owerengeka, nadziwa pamene pali choopsa ndi mtundu wake, nayesanso atakonza kuti aone ngati kukonzako kwathandiza, popanda kudikira maliro.

Masamu a liwiro

Wofufuza wina wa ku Sweden komweko, Göran Nilsson, anatha zaka zambiri akuyerekeza chiwerengero cha ngozi pa miseu imene malire a liwiro anasinthidwa. Maganizo ake anayamba kumveka kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1980, koma digiri yake ya udokotala anailandira ku Lund m'chaka cha 2004, atagwira kale ntchito nthawi yaitali. Chimene anapeza nchakuti ngozi zakupha sizikwera molingana ndi liwiro, koma zimakwera mofulumira koposa. Liwiro la magalimoto onse pa mseu likakwera ndi 5 pa 100, ngozi zakupha zimakwera ndi 20 pa 100 kapena kuposerapo pang'ono. Likakwera ndi 10 pa 100, monga kuchoka pa makilomita 100 kufika pa 110 pa ora, ngozi zakupha zimakwera pafupifupi ndi theka. Mphunzitsi wa masamu aona msanga kuti lamuloli ndi la kuchulukitsa nambala ndi iyo yomwe kanayi, ndipo wophunzira wa sekondale akhoza kulitsimikiza yekha m'kope mwake.

Chifukwa chake chimamveka bwino ndi chitsanzo cha pakhomo pa sukulu. Galimoto yoyenda makilomita 30 pa ora imadutsa mamita 8 pa sekondi imodzi. Woyendetsa akaona mwana, imapita sekondi imodzi kapena kuposerapo phazi lake lisanafike pa buleki, ndipo pa mseu wouma galimotoyo imafunanso mamita 5 kuti iime, onse pamodzi mamita 13. Galimoto yoyenda makilomita 60 pa ora imadutsa mamita 17 pa sekondi yomweyo ya kudzidzimuka, ndipo imafunanso mamita 20 kuti iime, onse pamodzi mamita 37. Tsono mwana akatulukira pamseu pa mtunda wa mamita 15, galimoto yoyamba imaima isanamukhudze, koma yachiwiri imamugunda ndi liwiro lake lonse, woyendetsa asanayambe nkomwe kuponda buleki. Oyendetsa awiriwo akhoza kukhala ofanana m'luso ndi m'chifundo, ndipo mabuleki ao akhoza kukhala abwino mofanana. Chimene chalekanitsa mwana wofika kwao ndi mwana wonyamulidwa ndi liwiro lokha.

Pa chifukwa chimenechi wofufuza sakhutira ndi mau akuti woyendetsa analakwa, kapena akuti mwana anaoloka osayang'ana. Mauwo akhoza kukhala oona, koma anthu sadzaleka kulakwa, ndipo mwana wamng'ono satha kuyerekeza bwino liwiro la lole imene ikudza. Funso la wofufuza ndi ili: mseu ungamangidwe bwanji kuti munthu akalakwa, kulakwako kusabale imfa?

Zipatso za ntchitoyi

M'chaka cha 1997 nyumba ya malamulo ya Sweden inavomereza mfundo yotchedwa Vision Zero, yakuti palibe munthu ayenera kufa kapena kulemala chifukwa choyenda pamseu, ndi kuti omanga miseu ali ndi udindo pamodzi ndi oyendamo. Anaika zotchinga pakati pa miseu ya kunja kwa mizinda kuti magalimoto asamaombane maso ndi maso, anamanga mphambano zozungulira, natsitsa liwiro kumene kuli oyenda pansi. Dziko limene m'chaka cha 1965 linataya anthu oposa 1,300 pamseu, m'chaka cha 2023 linataya osakwana 250, ngakhale magalimoto anachuluka kwambiri m'zaka zimenezo.

Wina adzati zimenezo nza maiko olemera. Koma ku Dar es Salaam bungwe lotchedwa Amend linayesa malo ozungulira sukulu za pulaimale, linaika zitunda zochepetsa liwiro, tinjira ta oyenda pansi ndi malo oolokerapo, ndipo kafukufuku woyerekeza sukulu zokonzedwa ndi zosakonzedwa anaonetsa kuti kuvulala kwa ana kunatsika ndi 26 pa 100. M'chaka cha 2017 ntchito yonga imeneyi inachitika ku Lusaka, pa sukulu ya pulaimale yotchedwa Justin Kabwe, imene ili ndi dzina lofanana ndi la mzinda uno ngakhale ili kulikulu. Zipangizo zake zinali simenti, miyala ndi utoto. Chimene chinafunika koposa chinali munthu wodziwa pamene ziyenera kuikidwa.

M'chaka cha 2023 boma la Zambia linasaina pangano lokuza mseu wa pakati pa Lusaka ndi Ndola kuti magalimoto opita ndi obwera ayende m'njira zolekana. Kulekanitsa kotere kumachepetsa ngozi zoombana maso ndi maso. Komabe mseu wotakata ndi wosalala umaitana liwiro, ndipo midzi, misika ndi sukulu za m'mbali mwake sizisamuka. Payenera kukhala munthu woyesa pamene anthu amaolokeradi, pamene mabasi amaimiradi, ndi liwiro limene malole amafika nalo pa malo amenewo. Mayankho a ku Lund sangakwanire pano monga momwe alili, pakuti ku Lund kulibe njinga yosenza matumba anayi a makala usiku popanda nyali. Njira ya kafufuzidwe ingabwerekedwe kunja, koma kuyesa kwenikweniko kuyenera kuchitika pa miseu ya kuno, ndi anthu odziwa chinenero ndi makhalidwe a oyendamo.

Njira ya wophunzira wa kuno

Mwana wa ku Kabwe wofuna ntchito imeneyi ayenera kuyamba wakhoza bwino masamu ndi sayansi ku sekondale. Kuchokera pamenepo amaphunzira uinjiniya wa zomangamanga, umene uphunzitsidwa ku University of Zambia ku Lusaka ndi ku Copperbelt University ku Kitwe. Ndipo pafupi ndi mzinda uno pali Mulungushi University, imene inakhazikitsidwa m'chaka cha 2008. Digiri yoyamba imamuphunzitsa zimene zidziwika kale. Maphunziro otsatirapo, a digiri yachiwiri ndi ya udokotala, amamufunsa kuti apeze chimene sichinadziwike.

Pamenepo amakhala pansi pa mphunzitsi womuyang'anira, nasankha funso. Wophunzira watsopano kawirikawiri amadza ndi funso lalikulu, monga la chifukwa chimene anthu amafera pa miseu ya Zambia, ndipo ntchito yoyamba ya womuyang'anirayo ndiyo kulichepetsa kufikira litakhala loyankhika: mwachitsanzo, ngati zitunda za pakhomo pa sukulu zisanu zimatsitsadi liwiro la malole, ndi kuti zimalitsitsa kufikira mtunda wotani. Atatero amawerenga zimene ena analemba, amapempha chilolezo choona mabuku a ngozi, ndipo amapita kukaima yekha pamseu ndi wotchi, chingwe choyesera mtunda ndi kamera, pa dzuwa la October ndi pa mvula ya January. M'maiko ambiri mabuku a apolisi ndi a zipatala sagwirizana kwenikweni, pakuti wovulala wina amamwalira patapita masiku, ndipo wina safika konse ku polisi. Chotero wophunzira amatha miyezi akulinganiza ziwerengero. Potsiriza amalemba buku lake, naliteteza pamaso pa oyesa, amene ntchito yao ndiyo kufunafuna pamene walakwitsa.

Buku likalandiridwa, ntchito imakhala isanathe. Zimene wapeza ziyenera kufika kwa amene ali ndi mphamvu yomanga ndi yolamula, ndiwo khonsolo ya mzinda, Road Development Agency ndi Road Transport and Safety Agency, mabungwe awiri amene anakhazikitsidwa ndi malamulo a m'chaka cha 2002. Wofufuza amene satha kufotokoza masamu ake m'mau omveka kwa khansala, kwa mfumu ndi kwa makolo a ana, kafukufuku wake amagona m'kabati.

Nkoyenera kunenanso za mtengo wa njira imeneyi. Mnyamata kapena mtsikana wotsiriza digiri ya uinjiniya amayembekezeredwa ndi abale ake kuti ayambe kulandira malipiro, alipirire ang'ono ake sukulu, ndi kufolera nyumba ya makolo ndi malata. Iye akanena kuti afuna kuphunziranso zaka ziwiri, kapena zisanu, ndi kuti ntchito yake idzakhala kuwerenga magalimoto pa mphambano, abale amaona ngati mwana wasokera. Anzake omanga milatho akhoza kuloza chimene amanga. Iye chimene wachita sichilozeka, pakuti ndicho maliro amene sanachitike, ndipo mai amene mwana wake wafika kunyumba bwino sadziwa kuti pali wina woyenera kuthokozedwa. Wolowa ntchito imeneyi ayenera kukhala atamvetsa zimenezi kuyambira pachiyambi.

Gawo la mphunzitsi

M'mera mpoyamba. Wofufuza aliyense anayamba wakhala pa benchi ya m'kalasi, ndipo mphunzitsi angathe kuchita zinthu zitatu zimene sizifuna ndalama.

Choyamba, atenge mseu wa pakhomo pa sukulu ukhale phunziro la masamu. Munthu wamkulu ayese mtunda wa mamita 50 m'mbali mwa mseu ndi kuika zizindikiro ziwiri, ndipo ana, ataima patali m'kati mwa mpanda, aziyesa ndi wotchi ya pafoni nthawi imene galimoto itenga kuchoka pa chizindikiro china kufika pa chinzake. Yotenga masekondi 6 ikuyenda makilomita 30 pa ora. Yotenga masekondi 3 ikuyenda makilomita 60. Yotenga masekondi 2 ikuyenda makilomita 90. Ana akayesa magalimoto 100, napeza liwiro la pakatikati, adzakhala atachita kafukufuku weniweni, ndipo sadzafunsanso kuti masamu ngothandiza chiyani.

Chachiwiri, sukulu isunge buku la kuphonyana. Mphunzitsi wa pa ntchito pa nthawi yolowa ndi yoweruka alembe tsiku, ora, malo, mtundu wa galimoto ndi chimene chinachitika, nthawi iliyonse pamene woyendetsa waponda mabuleki mwadzidzidzi kapena mwana wabwerera mothamanga. Pakutha pa teremu bukulo lidzaonetsa ngati choopsa chili pa chipata, pa malo oimira mabasi, kapena pamene ogulitsa amatchinga maso a oyendetsa. Mphunzitsi wamkulu wopita ku khonsolo ndi dandaulo lapakamwa amatonthozedwa ndi mau abwino. Wopita ndi buku la masiku, maora ndi ziwerengero amakhala wovuta kumubweza chimanjamanja.

Chachitatu, mphunzitsi ayang'anire mwana amene amakonda kuwerenga zinthu ndi kufunsa chifukwa, kaya ndi mnyamata kaya ndi mtsikana, namuuze kuti ntchito yotere ilipo ndi kumene iphunziridwa. Ana ambiri adziwa za udokotala, za unamwino ndi za uloya, chifukwa anthu a ntchito zimenezo amawaona. Za wofufuza wa pamseu sangazidziwe popanda wowauza. Ndipo nthawi ikadzafika yakuti mwanayo asankhe pakati pa malipiro a msanga ndi maphunziro opitirira, mau a mphunzitsi wake wakale akhoza kumveka pabwalo la makolo koposa mau a mwanayo.

Mphunzitsi apitirize kuphunzitsa ana kuima, kuyang'ana mbali zonse ziwiri ndi kumvetsera asanaoloke, pakuti phunzirolo ndi lofunika. Koma asaiwale kuti mwana amakhalabe mwana, ndipo tsiku lina adzathamangira mpira. Pa tsiku limenelo chimene chidzamupulumutse ndi liwiro la galimoto imene ikudza, ndipo liwirolo lidzakhala litakonzedwa kale ndi munthu amene anaima pa malo amenewo ndi wotchi ndi kope. Munthu ameneyo akhoza kukhala mmodzi wa ana amene aphunzitsi osonkhana pano adzawaitana maina Lolemba likudzali.